Mafunso ndi mayankho: kuphunzitsana luso la kufulula mowa m'kalabu ya ofulula pakhomo

Makalabu ambiri a anthu ofulula mowa pakhomo amayamba ngati bwalo lochezera: aliyense abwera ndi mabotolo ake, anthu alawa, ayamikirana, abalalika. Chaka chikatha mumapeza kuti mowa wa ambiri ukadali momwe unalili, ndipo vuto lomwe lija likungosintha mabotolo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kalabu ikaganiza zoti kukumana kwake kuzikhalanso ndi phunziro lenileni.

Kodi kulawitsana pakokha si phunziro kale?

Ndi phunziro, koma loperewera. Wolawa atha kunena kuti mowa ukununkha batala. Ngati m'chipindamo mulibe wodziwa kuti fungo limenelo ndi la diacetyl, ndi kuti limatsala mowa ukasiyanitsidwa ndi yisiti isanamalize ntchito, mwini mowa abwerera kwawo atamva matenda koma osapatsidwa mankhwala. Phunziro la luso limalumikiza zimene lilime lamva ndi zimene zinachitika mumphika ndi m'chidebe. Cholinga chake ndi chakuti membala aliyense athe kuyeza, kulemba, ndi kufulula mowa womwewo kawiri n'kutuluka wofanana.

Tiyambe ndi mutu uti?

Anthu amakonda kuyamba ndi mitundu ya hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi maresipe chifukwa ndi nkhani zokoma kukamba. Ife timalangiza kuti zimenezo zidikire. Yambani ndi ukhondo wa ziwiya, kenako yisiti ndi kutentha kwa chidebe, kenako kuyeza, kenako kuthira m'mabotolo. Mowa wambiri wa pakhomo umaonongekera pa zinayizi. Kuviika chimera, hops ndi madzi zibwere pambuyo.

Pa ukhondo, chofunika kutsindika n'chakuti kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiri siigwira yoyamba isanachitike. Mankhwala ophera tizilombo salowa pansi pa litsiro louma. Chidebe cha pulasitiki musachikwecheze ndi chitsulo, chifukwa m'mikwingwirima yakeyo ndi mmene mabakiteriya amabisala. Masulani mpopi wa chidebe pamaso pa onse, anthu aone zakuda zimene zimakhala m'kati mwake. Palibe chiphunzitso choposa chimenecho. Mankhwala osafuna kutsukuluza monga Star San amasungunulidwa pa mlingo wa mamililita 1.5 pa lita imodzi ya madzi, ndipo chiwiya chinyowe nawo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Chilichonse chokhudza madzi a chimera atazizira chidutse m'menemo: supuni, kapaipi, chivindikiro, ngakhale sizasi yodulira paketi ya yisiti.

Ndani aziphunzitsa, poti pakati pathu palibe katswiri?

Sizifuna katswiri. Gawanani mitu, aliyense atenge umodzi miyezi iwiri isanakwane nthawi yake, awerenge, ayesere kunyumba, abwere ndi zotsatira. Amene wakonzekera kuphunzitsa ndi amene amatuluka atadziwa zambiri, choncho mpata umenewu usamangogwera anthu awiri omwewo. Lamulo likhale limodzi: wophunzitsa asiyanitse zimene wayeza yekha, zimene wawerenga, ndi zimene wangomva. Ngati pafupi pali wofulula wa m'fakitale, mphunzitsi wa sayansi kapena wogwira ntchito yoyeza madzi, muitaneni kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo mumtumizire mafunso anu nthawi ikadalipo.

Phunziro limodzi liziyenda bwanji?

Lichitike anthu asanayambe kumwa. Mphindi 15 za kufotokoza, mphindi 20 kapena 30 za kugwira ndi manja, kenako mafunso. Mutu ukhale umodzi. Aliyense atuluke ndi pepala limodzi lokhala ndi manambala ofunika, chifukwa manambala ongomva ndi khutu amasokonekera pofika tsiku lofulula.

Kalabu igule zipangizo ziti zogwiritsa ntchito pamodzi?

Themomita yodalirika imodzi, hydrometer ndi kabotolo kake koyezeramo, refractometer (zonse ziwiri n'zoyezera shuga m'madzi a chimera), sikelo yowerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, choyezera pH (muyeso wa asidi) pamodzi ndi madzi ake ochiwongolera a pH 4 ndi pH 7, ndi timakapu tambiri tofanana tosaonekera m'kati. Chigayo cha chimera ndi choziziritsira cha paipi ya kopa zitha kubwera pambuyo n'kumabwerekedwa.

Zipangizo zikapezeka, konzani tsiku loti aliyense abweretse themomita ndi hydrometer yake. Dzazani kapu ndi ayezi wophwanya, thirani madzi pang'ono, takasani, dikirani mphindi zingapo: themomita yabwino iwerenga 0°C. Pa madzi owira samalani, chifukwa amawira pa 100°C kufupi ndi nyanja yamchere kokha. Kumtunda amatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse. Hydrometer iikidwe m'madzi oyera a kutentha kolembedwa pa kapepala ka m'kati mwake, kawirikawiri 20°C, ndipo ionetse 1.000. Ikaonetsa 1.003, siyotaya: mwini wake angolemba kuti azichotsera 3 pa chiwerengero chilichonse. Si zachilendo kupeza mathemomita osiyana ndi madigiri awiri kapena atatu, ndipo kusiyana kumeneko n'kokwanira kusintha mowa wonse poviika chimera.

Manambala a hydrometer tiwafotokoze motani kuti onse amve?

Hydrometer imayeza kulemera kwa madzi poyerekeza ndi madzi oyera. Shuga akachuluka, imayandama pamwamba. Yisiti ikamadya shuga, imamira pang'onopang'ono. Muyeze kawiri: musanathire yisiti, ndi pamene yamaliza. Tiyerekeze kuti poyamba munapeza 1.048, pomaliza 1.010. Kusiyana kwake ndi 0.038, ndipo mukachulukitsa ndi 131 mupeza kuti mowawo uli ndi ukali wa pafupifupi 5%. Gawaninso 38 ndi 48: yisiti yatsitsa pafupifupi 79% ya chiwerengero choyamba, zimene zili bwino kwa yisiti zambiri za mtundu wa mowa wotchedwa ale.

Mbuna zake ndi zitatu. Madzi otentha amawerengetsa nambala yotsika, choncho aziziritseni kaye. Timathovu tikamata pa hydrometer timaikweza, choncho muizungulitse ndi zala musanawerenge. Yachitatu ndi ya refractometer: imathandiza pa tsiku lofulula chifukwa imangofuna madontho awiri, koma yisiti ikayamba ntchito, ukali wa mowa umaisokoneza ndipo imaonetsa ngati shuga akadali wambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti mowa wawo waima panjira pomwe vuto lili pa chipangizo.

Phunzitsaninso kuti kubwibwita kwa airlock, kachipangizo kotulutsira mpweya pa chivindikiro cha chidebe, si muyeso. Chivindikiro chikamapuma m'mbali, airlock ikhala chete yisiti ili kalikiliki. Nyengo ikasintha, ibwibwita yisiti itamaliza kale.

Tikufuna tsiku lofulula pamodzi ngati phunziro. Tilikonze bwanji?

Sankhani mowa wosavuta wa malita 20, kuti maso akhale pa ntchito m'malo mwa resipe. Makilogalamu 4.5 a chimera choyera cha balere, mtundu umodzi wa hops, paketi imodzi ya yisiti youma ya ale ya magalamu 11.5. Gawani ntchito: wina wa themomita, wina wa wotchi, wina wa sikelo, wina wolemba zonse pa bolodi pamene onse akuona.

Yambani ndi kuonetsa chimera chogayidwa m'manja. Njere ikhale yosweka koma khoko lake likhale losanyenyeka, pakuti makokowo ndiwo amakhala sefa pokhetsa madzi. Chikagayidwa ngati ufa, madzi amakana kutsika. Njere zikatsala zathunthu, shuga amatsalira m'menemo.

Tenthetsani malita 13.5 a madzi, kapena kuti malita 3 pa kilogalamu, kufika pa 72°C. Chimera chozizira chikalowa, kutentha kutsikira pafupi ndi 66°C. Thirani pang'onopang'ono mukutakasa kuti pasakhale zibuluma zouma m'kati. Vindikirani, kutani mphika ndi bulangete, siyani kwa mphindi 60. Ola limeneli ndi nthawi yabwino yofotokozera ma enzyme awiri amene akusandutsa sitachi kukhala shuga. Beta-amylase imagwira bwino pakati pa 60°C ndi 65°C ndipo imapanga shuga amene yisiti imadya mosavuta, motero mowa umatuluka wopepuka, wosatsekemera. Alpha-amylase imakonda 68°C mpaka 72°C ndipo imasiya zidutswa zikuluzikulu zimene yisiti siitha kudya, motero mowa umakhala wolemera m'kamwa. Pa 66°C zonse ziwiri zimagwira.

Onetsani kuyesa kwa ayodini: dontho la madzi a chimera pa mbale yoyera, dontho la ayodini pambali pake, zikhudzane. Pa mphindi zisanu zoyamba padzada bii ngati inki. Ola likatha ayodini sasintha mtundu, kutanthauza kuti sitachi watha. Dontholo mulitaye, lisabwerere mumphika.

Tsukuluzani chimera ndi malita pafupifupi 16 a madzi a 76°C. Musapitirire 78°C, chifukwa madzi otentha kwambiri, makamaka pH ikakwera, amakoka ma tannin m'makoko ndipo mowa umauma m'kamwa ngati tiyi wokhalitsa. Chimera chimamwa pafupifupi lita imodzi pa kilogalamu, choncho mumphika mukhala malita pafupifupi 25. Wiritsani kwa mphindi 60 mphika uli wosavindikira, kuti DMS, amene amanunkha ngati chimanga chophika, atuluke ndi nthunzi. Magalamu 25 a hops a alpha acid (chowawitsa cha mu hops) 10% oikidwa poyamba apereka kuwawa kwa pakati pa 25 ndi 30 pa muyeso wa kuwawa wotchedwa IBU. Ena magalamu 20 alowe patatsala mphindi zisanu. Amenewo ndi a fungo, pakuti mafuta onunkhira a hops amathawa akawira nthawi yaitali.

Ziziritsani msanga kufika pa 18°C kapena 20°C, khuthulirani m'chidebe mogavira kuti mpweya ulowe, thirani yisiti. Apa mpokhapo pamene okosijeni ndi wofunika. Kuyambira pamene yisiti yayamba ntchito, amakhala mdani.

Pomaliza werengerani pamodzi kuti mwakolola shuga wochuluka bwanji. Kilogalamu ya chimera choyera itha kupereka mapointi pafupifupi 300 pa lita (mapointi ndi manambala a kumapeto pa hydrometer, monga 48 mu 1.048). Makilogalamu 4.5 ndi mapointi 1350, ndipo pa malita 20 ndi 67. Ngati hydrometer yaonetsa 1.048, mwakolola 48 mwa 67, kapena kuti pafupifupi 71%. Aliyense akadziwa nambala imeneyi pa ziwiya zake, atha kutenga resipe ya wina n'kuikonza kuti imuyenere.

Chifukwa chiyani mukulimbikira za kutentha kwa chidebe?

Chifukwa fungo lalikulu la mowa limapangidwa m'masiku atatu oyamba. Yisiti ya ale, Saccharomyces cerevisiae, imagwira mwaukhondo pa 18°C mpaka 20°C. Ikatenthedwa kupitirira 24°C imatulutsa fungo lamphamvu la zipatso ndi ukali wowotcha pakhosi wonga wa mankhwala osungunulira penti, ndipo zimenezi sizichoka ngakhale mutausunga miyezi. Kumbukiraninso kuti yisiti imadzitenthetsa yokha: m'kati mwa chidebe mutha kutentha madigiri awiri mpaka anayi kuposa chipinda. Matani themomita pakhoma la chidebe n'kuiphimba ndi kansalu. Wopanda firiji aimike chidebe m'beseni la madzi, aziponyamo mabotolo a ayezi m'mawa ndi madzulo.

Yisiti ya mtundu wina wa mowa wotchedwa lager, Saccharomyces pastorianus, imafuna 8°C mpaka 12°C ndi yisiti yochuluka kuwirikiza kawiri. Ikayandikira kumaliza, kwezani kutentha kufika pa 16°C kapena 18°C kwa masiku awiri kapena atatu kuti imwenso diacetyl. Pali kuyesa kokoma kochitira pamodzi: tengani timakapu tiwiri ta mowa wosamaliza, kamodzi kakhale kozizira, kena kavindikiridwe n'kuikidwa m'madzi a 60°C kwa mphindi 15 kapena 20, kenako kaziziritsidwe. Kotenthetsedwako kakanunkha batala, mowawo usachoke pa yisiti.

Timakangana kwambiri za njira yabwino. Tingathetse bwanji mikangano yotere?

Iyeseni. Fululani malita 20, gawani m'zidebe ziwiri kapena zinayi zofanana, n'kusintha chinthu chimodzi chokha: mtundu wa yisiti, kutentha kwa 18°C ndi 24°C, kuika hops ouma m'chidebe kapena ayi. Mukasintha ziwiri, simudziwa chimene chabweretsa kusiyana.

Polawa gwiritsani ntchito makapu atatu. Aliyense alandira makapu atatu osaonekera m'kati, awiri a mowa umodzi, limodzi la winawo, ndipo asankhe losiyana. Wothira asakhale wolawa, olawa asauzidwe chimene chasinthidwa, ndipo pasakhale kulankhulana kufikira onse atalemba. Sinthasinthani kaimidwe ka makapu ndi mowa umene uli wokha. Munthu wongolota amalondola kamodzi pa katatu, choncho anthu 4 mwa 12 akalondola simunapeze kanthu. Kuti munene molimba mtima kuti kusiyana kulipo, pafunika olondola 8 mwa 12, kapena 10 mwa 18, kapena 13 mwa 24. Masamu oweruzira zitsanzo zochepa ngati amenewa ali ndi chibale ndi mowa: William Sealy Gosset, amene anafalitsa njira ya t-test mu 1908 pa dzina loti Student, anali wogwira ntchito ku Guinness mu Dublin.

Konzekerani kuti nthawi zambiri anthu sadzatha kusiyanitsa zinthu zimene ankalumbira kuti n'zosiyana. Zotsatira zotere muzilembenso, n'zofunika chimodzimodzi.

Tingaphunzitse bwanji anthu kuzindikira fungo loipa?

Gulani mowa wopepuka wopanda fungo lamphamvu, wa mtundu umodzi, muuononge mwadala. Kapu imodzi ikhale yosakhudzidwa kuti aziyerekezera. Mowa wothiridwa m'galasi loonekera n'kuikidwa padzuwa kwa mphindi 15 umatulutsa fungo la kanyimbi, chifukwa kuwala kumaphwanya zowawa za hops; apa anthu amamvetsa chifukwa chake mabotolo abulawuni amaposa obiriwira ndi oyera. Botolo lotsegulidwa, kulowetsedwa mpweya, kutsekedwanso n'kusungidwa potentha kwa sabata limanunkha katoni yonyowa, chizindikiro cha okosijeni. Madontho angapo a viniga amaonetsa ntchito ya mabakiteriya a Acetobacter. Madzi a m'chitini cha chimanga chotsekemera amayerekeza DMS, ndipo zokometsera makeke za batala zimayerekeza diacetyl. Acetaldehyde, wonunkha apulo wosapsa, mumupeza mu mowa wotengedwa m'chidebe tsiku lachitatu kapena lachinayi. Pali zida zokonzeratu za phunziro limeneli, monga zogulitsidwa ndi sukulu ya kufulula mowa ya Siebel Institute. Musathire chilichonse chimene si chodyedwa.

Mafungo anayi kapena asanu pa tsiku ndi okwanira. Kupitirira apo mphuno imatopa. Anthu amasiyana mwachibadwa: wina samva diacetyl ngakhale atachuluka, koma amagwira DMS patali. Kalabu ikadziwa mphuno za mamembala ake, imadziwa woti imufunse pa vuto lililonse.

Nanga ndemanga pa mowa wa mnzathu tizipereka bwanji osamukhumudwitsa?

Funsani kaye mwini wake chimene amafuna kupanga ndiponso ngati akufuna ndemanga. Fotokozani zimene mukumva musanaweruze, ndipo vuto lililonse lipite limodzi ndi funso lofufuza gwero lake: chidebe chinali pa madigiri angati, yisiti inali yatsopano kodi, madzi anali apampopi? Pepala la Beer Judge Certification Program, bungwe la oweruza mowa lomwe linayamba mu 1985, limathandiza kuika maganizo mu dongosolo: mwa mapointi 50, fungo lili ndi 12, maonekedwe 3, kakomedwe 20, mmene ukumvekera m'kamwa 5, ndi chithunzi chonse 10. Pa kalabu mapointiwo mutha kuwasiya n'kungotsata mitu yake. Kuyamikira mowa wodwala chifukwa cha ulemu kumamutayitsa mnzanu malita ena 20.

Za madzi tiziphunzitsa liti?

Chinthu chimodzi chiphunzitsidwe tsiku loyamba: chlorine wa m'madzi apampopi akakumana ndi chimera ndi yisiti amabala fungo la mankhwala a kuchipatala. Theka la piritsi la Campden, lophwanyidwa n'kutakasidwa m'madzi onse ofululira malita 20, limathetsa vutoli. Zina zidikire kufikira anthu atakhazikika pa yisiti. Pamenepo yambani ndi pH ya chimera choviikidwa, imene iyenera kukhala pakati pa 5.2 ndi 5.6, yoyezedwa madziwo atazizira. Muyeso wa pH womwewo unachokera kwa Søren Sørensen mu 1909, ku labotale ya Carlsberg mu Copenhagen, kumenenso Emil Christian Hansen anapatula yisiti ya mtundu umodzi mu 1883. Kenako onetsani mchere uwiri: gypsum amanola kuwawa kwa hops, monga amachitira madzi a ku Burton upon Trent, pamene calcium chloride amafewetsa ndi kukweza kukoma kwa chimera. Sungunulani pang'ono pokha m'makapu a mowa umodzi, anthu alawe okha.

Mabotolo a ena amaphulika, a ena alibe mpweya. Tiphunzitse chiyani?

Mowa usalowe m'botolo hydrometer isanaonetse nambala imodzimodzi kawiri, motalikirana masiku awiri kapena atatu. Pointi imodzi yotsala ikadyedwa m'botolo imaonjezera pafupifupi theka la lita ya mpweya wa carbon dioxide pa lita imodzi ya mowa, choncho mowa wotsekeredwa pa 1.016 pomwe ukanafika pa 1.010 ndi bomba. Shuga wa m'mabotolo ayezedwe pa sikelo, osati ndi supuni: magalamu pafupifupi 6 pa lita, kapena 120 pa malita 20, owiritsidwa m'madzi pang'ono. Athiridwe pansi pa chidebe china, mowa ukokeredwe pamwamba pake ndi kapaipi mosagavira, nsenga zitsale m'mbuyo. Shuga akapanda kusakanikirana bwino, ndi pamene mabotolo ena amafwamphuka ena ali zii. Siyani mpata wa masentimita awiri kapena atatu kukhosi kwa botolo, sungani pa 20°C kwa masabata awiri. Botolo limodzi likhale la pulasitiki: likalimba pofinya, ena onse apsa. Ngati mabotolo ayamba bwino koma mpweya ukungochulukira mwezi ndi mwezi, kakomedwe n'kumapyapyala, mwalowa yisiti yakutchire, ndipo kapaipi ndi mpopi ndiwo oyamba kuwakayikira.

Pali za chitetezo ndi malamulo zimene tiyenera kuikapo?

Zilipo. Malita 25 a madzi owira a shuga amawotcha koopsa. Mphika wodzaza usanyamulidwe, ndipo oima pafupi avale nsapato zotseka. Chitofu cha gasi chiyatsidwe panja kapena pamalo popita mphepo. Osalowetsa mutu m'firiji yakuya mmene mowa ukuwira, chifukwa carbon dioxide amadikha pansi. Mankhwala a chlorine asasakanizidwe ndi a asidi, amatulutsa mpweya wakupha. Polawa thirani pang'ono, madzi akumwa akhalepo, ndipo woyendetsa galimoto azinunkhiza osameza kapena akhale wothira.

Malamulo a kufulula pakhomo, msinkhu wololedwa kumwa ndi kugulitsa amasiyana dziko ndi dziko, choncho kalabu iwawerenge isanalengeze phunziro. Kutcheza mowa waukali ndi nkhani ina, ya malamulo ake okhwima ndi ngozi zake za moto. Isasakanikirane ndi maphunziro a kufulula.

Oyamba kumene ndi akale angaphunzire bwanji pamodzi?

Aphatikizeni awiriawiri pa ntchito za manja, woyamba agwire chipangizo, wakale aime pambali. Kamodzi pa miyezi itatu gawani magulu: ena abwereze ukhondo ndi hydrometer, ena alowe m'zakuya monga kuchulukitsa yisiti kapena kuwerengera IBU.

Tisunge chiyani kuti zophunzirazo zisatayike?

Pepala limodzi lofanana kwa onse, lodzazidwa pa mowa uliwonse: tsiku, zolowa ndi kulemera kwake, kuchuluka kwa madzi, kutentha poviika chimera poyamba ndi pomaliza, malita ndi chiwerengero cha hydrometer musanawiritse ndi mutawiritsa, mtundu wa yisiti ndi tsiku la pa paketi, kutentha kwa chidebe tsiku lililonse la sabata yoyamba, chiwerengero chomaliza, shuga wa m'mabotolo, ndi mmene mowa unakomera pa sabata yachiwiri, yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu. Wobweretsa mowa wofuna thandizo abwere ndi pepala lake. Zotsatira za makapu atatu zilembedwe ndi chiwerengero cha olawa ndi cha olondola, n'kuikidwa pamalo amodzi pamene membala watsopano angazipeze asanafunse funso limene kalabu inaliyesa kale.